Funsani Azakhali: Misozi ya pa Katuni ndi Zidole za Mchere

Mwa makalata amene afika mwezi uno ndasankhapo atatu. Onse akukhudza nyengo ya tchuthi, mafilimu a makatuni ndi ntchito zamanja zimene ana amachita m'khitchini, koma yoyambayo ndaipatsa malo aakulu chifukwa mwiniwake watsegula mtima wake wonse.

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 16 ndipo ndimakhala mumzinda wa Leicester ku England, kumene ndinabwera ndi makolo anga kuchokera ku Zomba ndili ndi zaka 11. Ndinamaliza kulemba mayeso a GCSE mu Juni, ndipo panopa ndili pa tchuthi chachitali cha chilimwe cha kuno, kudikira zotsatira zimene zidzatuluke cha kumapeto kwa Ogasiti. Nyengo ino dzuwa limalowa 9 koloko ya usiku itakwana kale, choncho tsiku limatalika mpaka munthu kusowa chochita. Amayi amagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo abambo amachoka m'mamawa, kotero masana ndimatsala ndi mlongo wanga wa zaka 7.

Tsiku lina tinaonera mafilimu awiri a makatuni, Inside Out ndi Inside Out 2. Pamene mtsikana wa mufilimuyo anauza makolo ake kuti wapukwa kwawo kumene anachokera, ndinayamba kulira mosatonthozeka mpaka ndinakadzitsekera kubafa kuti mwanayo asandione. Chiyambire tsikulo ndimangoganiza za agogo anga, za mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba yawo, ndi anzanga amene sindikudziwa ngati amandikumbukirabe. Usiku nkhawa ya mayeso imandisowetsa tulo.

Malo okhawo amene mtima wanga umakhala pansi ndi m'khitchini. Ndaphunzira kukanda ufa wa tirigu ndi mchere n'kumaumba tizidole, ndipo ndaumba nyumba ya agogo, mtondo ndi munsi wake, ngakhalenso galu wathu wakale. Kodi si chibwana kulirira katuni pa msinkhu wangawu? Kodi si kusayamika kupukwa kwathu pamene makolo anga anavutika kuti tifike kuno? Nanga kuumbaku si kungothawa mavuto? Ndifunsenso kuti n'chifukwa chiyani tizidole tanga timatupa mu uvuni, tina n'kung'aluka, tina n'kudzafewa pakapita masiku.

Mtsikana wa ku Leicester

Mwanangu,

Ndayamikira kuti patatha zaka zisanu uli kunja ukulembabe Chichewa chomveka chotere. Ndiyamba ndi misozi ija, popeza ndi imene yakuchititsa manyazi kwambiri.

Filimu yoyambayo inatuluka mu 2015 kuchokera ku kampani ya Pixar ya ku California, ndipo amene anaitsogolera, Pete Docter, ananena poyera kuti nkhaniyi inamubwerera ataona mwana wake wamkazi, amene anali wansangala ali wamng'ono, akuyamba kukhala chete ndi kudzipatula atafika zaka pafupifupi 11. Sanailembe mongopeka, koma anafunsira nzeru kwa akatswiri a za maganizo a anthu, Paul Ekman ndi Dacher Keltner wa ku University of California, Berkeley. Choncho filimuyo inapangidwa ndi akuluakulu amene anakhala zaka zingapo akusinkhasinkha za mwana wochotsedwa pamalo amene anazolowera, ndipo Riley, mtsikana wa m'nkhaniyo, anasamuka ku Minnesota kupita ku San Francisco ali ndi zaka 11, msinkhu womwewo umene iwe unatsazikana ndi Zomba. Zikanandidabwitsa ukanaonera zimenezo maso ali gwa. Makolo ambiri analira nayo filimuyi m'nyumba zoonetsera kanema, ana awo ali phee pambali.

Pali malo ena mufilimuyo amene ndikufuna uwakumbukire, chifukwa ndi pamene pagona funso lako lachiwiri. Usiku wina banja litangofika kumene mumzinda watsopano, katundu wawo asanafike, Riley wagona pansi m'chipinda chopanda kanthu, ndipo mayi ake akubwera kudzamuthokoza kuti wakhala mwana wansangala pa nthawi yovutayi, n'kumupempha kuti azimwetulirabe pofuna kulimbikitsa bambo ake amene ntchito yawapanikiza. Mayiyo sanalankhule mwankhanza, analankhula mwachikondi, koma mwanayo anamva kuti chisoni chake chilibe malo m'nyumbamo. Anachibisa mpaka anasiya kumva chilichonse mumtima, nakwera basi kuti athawire kwawo. Atabwerera n'kulira pamaso pa makolo ake, ndi pamene anadziwa kuti nawonso anali atapukwa. Ndikukayikira kuti amayi ako anakuuzapo mawu otero, koma mwana wa m'banja losamuka sachita kuuzidwa. Amaona mayi ake akubwera m'mawa maso ali psuu chifukwa chosagona, amamva za ndalama zimene zinawonongeka pa ulendo ndi zimene zikutumizidwa kumudzi, ndipo amadzilamula yekha kuti asawonjezere katundu pa mutu wa anthu olemedwa kale. Iwe wasenza lamulo limeneli zaka zisanu.

Kuyamika ndi kupukwa zimakhala mumtima umodzi popanda kulimbana. Ukhoza kuthokoza makolo ako chifukwa cha sukulu yabwino ndi chipatala chapafupi, uku ukulirira mthunzi wa mtengo wa mango wa kwa agogo, ndipo palibe chimene wachotsapo pa ulemu wako kwa iwo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo makolo ako ankadziwa ponyamuka kuti ulendowu uli ndi matope ake. Chimene mwina sakudziwa ndi kuchuluka kwa matope amene anagwera iweyo.

Tsopano ndikuuze chimene chinandikhudza ine mufilimu yachiwiri, ya mu 2024, imene anaitsogolera Kelsey Mann. Riley wafika zaka 13, ndipo kwa alendo asanu amene mafilimuwa amawaonetsa akukhala m'mutu mwake kuimira zimene akumva mumtima, amene m'chinenero chathu tingawatchule kuti Chimwemwe, Chisoni, Mantha, Mkwiyo ndi Kunyansidwa, kwawonjezereka Nkhawa, Kaduka, Manyazi ndi Kunyong'onyeka. Mwina unaona gogo wina wa imvi dzina lake Nostalgia, amene amasuzumira pakhomo kuti akumbutse anthu zakale, anzakewo n'kumubweza kuti wafulumira, nthawi yake sinakwane. Kwa mwana amene wakulira pamalo amodzi, zimenezo n'zoona. Koma kwa iwe gogoyo sanafulumire, chifukwa unasiya dziko lathunthu uli ndi zaka 11, ndipo uli nazo kale zakale zoti uzikumbuke pamene anzako a m'kalasi sanatayepo kanthu. Ife tili nalo liwu lake, limene walilemba wekha m'kalata yako: kupukwa. Ndinalidziwa bwino chaka changa choyamba kusukulu yogonera komweko, pamene fungo la utsi wa nkhuni lochokera kumidzi yapafupi madzulo linkandigwetsa misozi ndili pamzere wa chakudya, ndipo sindinauze munthu teremu yonse poopa kusekedwa.

Chinthu china chimene ndimachiganizira ndi chakuti opanga filimuwa anaika zonsezi m'mutu, m'chipinda chokhala ndi mabatani, pamene Chichewa chimaziika m'malo ena a thupi. Timati munthu wapsa mtima, wasweka mtima, wataya mtima, mtima wake uli m'mwamba, kapena mtima wangoti myaa. Chimene sitinanene timati chili kukhosi, ndipo tikachinena timati kukhosi kwayera. Ekman anapita kwa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nawaonetsa zithunzi za nkhope, ndipo anatsimikiza kuti pali zinthu zingapo zimene anthu onse padziko amazionetsa pankhope mofanana. Akatswiri ena, monga Lisa Feldman Barrett, amatsutsa kuti nkhaniyi si yapafupi chotero, chifukwa chinenero ndi chikhalidwe zimaumba mmene munthu amamvera. Ine ndimaona kuti mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo, ndipo iwe amene uli ndi zinenero ziwiri uli ndi mayina ambiri otchulira zimene zikuchitika mwa iwe kuposa amene ali ndi chimodzi. Usaiwalenso kuti kwathu tinayamba kale kusandutsa zamumtima kukhala anthu oyenda ndi miyendo. M'kalasi iliyonse ku Malawi mumapezeka Chimwemwe ndi Chisoni, Misozi ndi Chikondi, Mavuto ndi Chisomo, chifukwa makolo ankalemba pa dzina la mwana zimene banja linkamva pa nthawi yobadwa kwake, zokoma ndi zowawa zomwe, osabisa.

Kutchula dzina la chimene ukumva kuli ndi phindu limene linayesedwa. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake a ku University of California, Los Angeles, anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha uku akuunika ubongo wawo ndi makina, ndipo anapeza kuti munthu akasankha liwu lotchulira chimene akuona pankhopeyo, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzidzimutsa thupi pakakhala choopsa, kamachepetsa mphamvu. Choncho usiku tulo tikasowa, m'malo molimbana ndi chinthu chopanda nkhope, uzidziuza kuti iyi ndi nkhawa ya mayeso, kapena uku ndi kupukwa agogo. Mtima ukayamba kugunda kwambiri ndi kupuma kukubanika, monga zinamuchitikira Riley atatulutsidwa kwa kanthawi m'masewero a hockey, uzikoka mpweya powerenga mpaka 4 n'kuutulutsa pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, kangapo konse, mapazi ali pansi.

Za mayesowo ndinena mwachidule. Mapepala analembedwa kale ndipo palibe chimene kusagona kungasinthe, koma nkhawa imakhazikika ikapatsidwa kantchito kooneka. Fufuza magiredi amene sukulu kapena koleji imene ukufuna kupitako imafuna, ulembenso malo achiwiri amene ungapite ngati oyambawo atakanika, ndipo udziwe kuti amene sanafike giredi 4 pa Chingerezi kapena masamu amakhala ndi mwayi wolembanso mu Novembala. Ukalemba zimenezi papepala, uliike m'kabati mpaka tsiku la zotsatira.

Funso lako lachitatu ndi limene landisangalatsa koposa. Wothawa mavuto saumba nyumba ya agogo ake. Iwe watenga chinthu chomwecho chimene chikukupweteka, wachiika patebulo, wachipatsa denga ndi khomo ndi zala zako, ndipo kumeneko ndi kuyang'anizana nalo vuto. Amayi a kwathu ankachita zofanana pamtondo. Mkazi amene sakanatha kuyankha apongozi ake kapena mwamuna wake pamaso ankaimba dandaulo lake m'nyimbo ya pamtondo, munsi ukugunda, anzake akuvomereza, ndipo pomaliza kusinja ufa unali utayera ndi kukhosi komwe. Ntchito yobwerezabwereza ya manja, kukanda, kusinja, kupeta, kuluka, imagwira thupi kuti lisabalalike, maganizo n'kupeza mpata woyenda mwadongosolo. Ngakhale masanje amene tinkachita tili ana, kuphika m'tizitini ndi kuumba ng'ombe za dongo kudambo, anali malo amene tinkayeseramo zimene tinkaona ndi kuopa m'nyumba za akuluakulu. Kuumbaku kungasanduke kuthawa pokhapokha ngati tizidoleto tikhala tokha todziwa chinsinsi chako.

N'chifukwa chake ndikukupempha kuti ulankhule ndi amayi ako, ndipo khitchini yomweyo ikuthandiza. Usawayambe atangofika kuchokera ku ntchito ya usiku. Sankha tsiku limene apuma, uwapemphe kuti akuphunzitse kukanda mandasi monga ankachitira agogo, ndipo kanyumba kaja ukaike poonekera. Manja akakhala mu ufa ndi maso ali pa beseni, mawu amatuluka mosavuta kusiyana ndi kukhala moyang'anizana pampando, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Ukhoza kungoyamba ndi kuwafunsa kuti, "Amayi, kodi inu mumapukwa kumudzi?" Ndikukhulupirira kuti yankho lawo lidzakudabwitsa. Mlongo wakonso usamubisire misozi nthawi zonse, chifukwa mnyamata amene waona mlongo wake wamkulu akulira n'kutonthola, kenako n'kupitiriza ntchito, amaphunzira chinthu chimene ambiri mwa abambo athu sanaphunzitsidwe pamene ankauzidwa kuti mwamuna salira.

Pali malire amene ndiyenera kukuuza momveka. Chisoni chikapitirira masabata awiri osakusiya tsiku lililonse, ukasiya kudya kapena kugona, ukaona kuti ngakhale kuumba sikukukomeranso, kapena akakubwerera maganizo odzipweteka, imeneyo si nkhani yoisiyira ufa ndi mchere. Uuze munthu wamkulu tsiku lomwelo ndipo mukaonane ndi dokotala wa banja lanu. Kumeneko kuli Childline, imene ana ndi achinyamata osakwana zaka 19 amaimbira mwaulere pa 0800 1111, ndipo owerenga a ku Malawi akhoza kuimba 116.

Tsono za tizidole. Muyezo wake ndi makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere wosalala, ndi madzi osapitirira kapu imodzi, othira pang'onopang'ono. Kutupa kumachokera pa zinthu ziwiri: mwina ukugwiritsa ntchito ufa umene anathiramo kale zotupitsa, choncho uzigula umene pa paketi palembedwa kuti plain flour, kapena uvuni ukutentha kwambiri, moti kunja kumauma msanga nthunzi ili m'kati n'kukankha. Cholinga si kuphika koma kuumitsa, ndiye moto ukhale wa madigiri 100 mpaka 120, kwa maola awiri kapena atatu, ndipo uzitembenuza pakati pa nthawiyo. Kung'aluka kumabwera ngati sunakande mokwanira, pamene pamafunika mphindi pafupifupi 10 mpaka ufawo usalale, kapena ngati chidolecho chanenepa kwambiri. Pa zinthu zonenepa monga mtondo uja, uyambe wapanga kampira ka pepala la aluminiyamu n'kukutira ndi ufa wochepa. Chikauma bwino chimalira kuti ko ko ko ukachigogoda ndi chikhadabo. Kufewa kwa pambuyo pake ndi ntchito ya mchere, umene umakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo England ndi dziko la chinyontho, kotero ukamaliza kupenta upake vanishi mbali zonse, ndi pansi pomwe. Mlongo wako asalawe, ndipo ngati pali galu pafupi uziika patali, chifukwa mchere wochuluka chotero ukhoza kumupha.

Azakhali,

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 10 watha tchuthi chonse akuonera makatuni pa foni ya mayi ake. Mabandulo akutha ngati madzi, tikamulanda foniyo amakwiya mpaka kukana nsima, ndipo wayamba kulankhula Chingerezi cha m'mphuno chimene agogo ake sachimva. Ine pa msinkhu wakewo ndinkapanga galimoto za mawaya. Kodi ndingomuletseratu?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Bambo,

Musamuletseretu, koma musamusiyenso yekha ndi foniyo. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti ana a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana kanema, ndipo makanda asayang'ane n'komwe. Kwa mwana wa zaka 10 muyezo wabwino ndi kuona zimene foniyo yalanda malo: tulo, chakudya cha pamodzi, masewero ndi anzake, ndi ntchito zapakhomo. Gwirizanani naye nthawi yoyambira ndi yothera asanayatse, ndipo muzimuchenjeza kutatsala mphindi zochepa, popeza kulandidwa chinthu nkhani ili pakati kumapsetsa mtima aliyense, ngakhale inuyo mpira uli m'kati magetsi n'kuzima. Akakwiya musamunyoze. Muuzeni kuti mwaona kuti wapsa mtima, kuti kupsa mtimako si mlandu, koma nthawi imene munapangana yatha.

Kamodzi pa sabata khalani naye pansi muonere limodzi, kenako mumufunse kuti ndani anamumvera chisoni m'nkhaniyo ndipo chifukwa chiyani. Anyamata ambiri amene sangakuuzeni kuti akuopa mnzawo wowavutitsa kusukulu amatha kufotokoza bwinobwino mantha a kanyama ka mukatuni, ndipo bambo watcheru amamva zonse ziwiri. Mumufunse m'Chichewa ndipo ayankhe m'Chichewa, kenako akafotokozere agogo ake nkhaniyo ngati nthano madzulo. Mumuonetsenso kuti makatuni sachokera ku America kokha. Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, anaiyambitsa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mogwirizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo nkhani yake ya atsikana anayi imachitikira mu Lusaka wa m'tsogolo.

Koma chimene ndikufuna kwenikweni ndi chakuti luso lanu la mawaya lija likumane ndi foniyo. Katuni ndi zithunzi zosayenda zimene zimaonetsedwa motsatizana mofulumira mpaka diso kunyengeka. Mafilimu amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo opanga makatuni ambiri amajambula 12 zokha n'kuonetsa chilichonse kawiri. Kampani ya Aardman ya ku Bristol, imene inatchuka ndi Wallace ndi Gromit, imagwira ntchito ndi zidole zoumba pamanja: amasuntha chidole pang'ono, n'kujambula, n'kusunthanso. Mwana wanu angathe kuchita zomwezo pakhonde. Mupangireni mafupa a waya, iye awakute ndi dongo losauma, foni muitsamiritse pa njerwa kuti isagwedezeke, ndipo mupeze imodzi mwa mapulogalamu aulere olumikiza zithunzi otchedwa stop motion, amene ambiri safuna intaneti mukawaika kale mufoni. Kuti ng'ombe yake iyende masekondi 10 adzafunika zithunzi 120, ndipo masana onse adzathera pamenepo bandulo osakhudzidwa. Mwana amene wavutikira masekondi 10 ake saoneranso katuni mwa chizolowezi chakale, amayamba kufunsa kuti anapanga bwanji.

Azakhali,

Ndimaphunzitsa ana a Sande sukulu ndipo pa tchuthi timachita ntchito zamanja. Ufa wa tirigu wakwera mtengo. Kodi tingaumbe zidole za mchere ndi ufa wa chimanga, nanga utoto wotsika mtengo tingaupeze kuti?

Mayi wa ku Chipata

Mayi,

Ufa wa chimanga sugwirana ukakandidwa ndi madzi ozizira, chifukwa ulibe gluten, chinthu chonanda chimene chimapangitsa ufa wa tirigu kutamuka, choncho zidole zake zimangoyoyoka zikauma. Ndingakondenso kuti ufa wa nsima usalowe m'masewero pa nthawi imene mabanja ena a ana omwewo akuuyeza ndi kapu. Dongo la kudambo kapena la pachulu ndi laulere ndipo limaumbika bwino kuposa ufa uliwonse. Muchotse timiyala, mulikande, ndipo zoumbazo muziumitse pamthunzi masiku angapo, chifukwa dzuwa lamphamvu limazing'alula. Ngati mukufuna zinthu zopepuka monga zigoba za kumaso zimene ana angajambulepo nkhope yokondwa, yokwiya kapena yamantha, phikani phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, masupuni awiri kapena atatu m'kapu ya madzi, likhale guluu womatira mapepala akale ong'ambang'amba pamwamba pa mbale yovundikira.

Utoto uli m'khitchini mwanu momwemo. Makala osinja amapereka wakuda, chikasu chimapereka wachikasu, makoko a anyezi owiritsa amapereka wofiirira, ndipo chidede chowiritsa chimapereka wofiira. Madzi a chidedewo muwagawe m'makapu awiri, m'modzi mufinyiremo ndimu, mwinamo muthiremo soda pang'ono wa therere uja, ana aone woyamba ukuwala kufiira pamene wachiwiri ukuda n'kutembenukira ku mtundu wobiriwira. Utoto woterewu umagwira bwino pa pepala kusiyana ndi pa dongo, ndipo umazilala ukakhala padzuwa, choncho zimene ana apenta muzipachike m'kati mwa chipinda.